Zimene Ndinamva pa Layini ya a Meja Sakala

Chikondi, Masauso ndi iwe Tiyanjane, mwakula mukuona kuti a banja la a Sakala satipatsa moni kutchalitchi ku Kabwata, ndipo ndikudziwa kuti kusukulu anzanu ankakunenani kuti amayi anu ndi shushushu, azondi aja a boma omvetsera zolankhula za anthu. Simunandifunsepo, inenso ndinangokhala chete. Tsopano maso ayamba kuchita chifunga, atate anu anatisiya, ndiye ndati ndilembe nzeru zikadali m'malo. Za ubwana wanga ku Katete ndizidumpha, munazimva kambirimbiri kwa azakhali anu. Ndiyambira pa ntchito.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970

Ndinalowa ntchito ya boma ndili mtsikana, nditangomaliza kosi ya matelefoni. Anandiika pa swichibodi ya unduna wina m'tauni. Inu oyenda ndi foni m'thumba simungaidziwe ntchitoyi. Bwana akanyamula foni muofesi mwake, kagetsi kankayaka pabolodi langa, iye n'kunditchulira nambala, ine n'kutenga chingwe kumulumikiza ndi amene akumufunayo. Foni iliyonse yolowa kapena yotuluka m'nyumba yonseyo inkadutsa m'manja mwathu. Pambali pa chingwe chilichonse panali kabatani kakuda, ndipo ukakakankha unkamva zonse zimene awiriwo akukambirana, iwo osadziwa kanthu. Tinalumbira pamaso pa bwana wamkulu kuti sitidzakagwira pokhapokha poyesa layini yovuta. Wotiyang'anira anali ba Mulenga, mayi wa Chibemba wochokera ku migodi, wamfupi, wa mawu ngati mwamuna. Tsiku loyamba anandigwira dzanja n'kuliika pafupi ndi kabatani kaja, nati m'Chinyanja chawo cha m'tauni: "Iwe Esnati, aka ni kanjoka. Ukakagwila sikazaluma uja wamene ukumvela, kazaluma iwe."

Inali nthawi imene anzathu a kummwera ankamenyera ufulu wawo, ambiri akukhala konkuno pakati pathu, ndipo ndege za adani awo zinkawatsata mpaka m'dziko lathu. M'mawa wina magalasi a ofesi ananjenjemera, tonse tinagwa pansi pa matebulo, kenako magetsi onse a pabolodi anayaka nthawi imodzi, aliyense akufuna kuimbira kunyumba. Chinatsatira mabomba chinali kukayikirana. Anthu ankati ndege sizingadziwe pophulitsa popanda wina wozilozera. Pamsika wa Kabwata ndinaona ndi maso anga bambo wina akumenyedwa chifukwa ananyamula kamera, pomwe anali wojambula maukwati yemwe tonse tinkamudziwa. M'basi munthu ukafunsa njira kawiri, anthu ankayamba kukuyang'ana nsapato, pokuganizira kuti ndiwe mzondi.

Zinthu zinasowanso. Sopo, shuga, mafuta ophikira, nthawi zina ngakhale mchere, zonse zinali za pamzere. Apa ife a pa swichibodi tinali mafumu, chifukwa tinkadziwana mawu ndi anzathu a m'maofesi ena ngakhale ambiri sitinaonanepo nkhope. Mnzako wa pafupi ndi sitolo akaona lole ikutsitsa makatoni, ankangolowa pa layini n'kunong'ona kuti shuga wafika, iwe n'kuuza ba Mulenga, iwo n'kukupatsa mpata wothamangira. Ndi mmene ndinalerera Chikondi. Atate anu, amene panthawiyo ankaphunzitsa pulayimale, ankati anakwatira wailesi. Tinapatsidwa nyumba ya khonsolo ku Kabwata, ndipo mzere wachitatu kuchokera kwathu kunali amake Dalitso, mkazi wa msilikali wina dzina lake a Sakala. Tinkayimba limodzi m'chigwirizano cha amayi. Pamene ndinadwala nditabereka Masauso, iwo ndiwo ankabwera kudzachapa matewera.

Zaka za m'ma 1980

Ba Mulenga atasamutsidwira ku unduna wina waukulu, anapempha kuti andibweretse. Dzina la undunawo sindilitchula, lumbiro lija silinathe. Swichibodi yakumeneko inali m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa masitepe, ndipo Anduna athu anali msilikali wakale amene anavula yunifomu n'kulowa ndale. Anali munthu wamtali, waulemu, wodziwa dzina la wosesa aliyense. Wowathandiza wawo wapamtima, woyenda nawo paliponse, anali a Sakala omwe aja, apa atakwezedwa kukhala Meja. Anali mkulu wa mpingo kwathu, ndipo pa ntchito ankandiitana Mayi Mbewe, kutchalitchi n'kumati amake Chikondi.

Sipanapite nthawi ndinayamba kuona makhalidwe a Anduna. Tebulo lawo analikokera pakona kuti msana usaloze ku zenera kapena kukhomo. Dalaivala ankadandaula kuti kuchokera kunyumba ku Kabulonga sadutsa msewu umodzi masiku awiri otsatizana, lero azungulira ku Woodlands, mawa kwina, ndipo amauzidwa njira galimoto itanyamuka kale. Alonda a pageti ankasinthidwa asanazolowerane ndi wophika. Muofesi mwawo wailesi inkalira chapansipansi tsiku lonse, ndipo ikangoimba nyimbo za bandi ya asilikali kawiri motsatizana, kagetsi kawo kankayaka pabolodi langa. Sankafuna nambala ayi. Ankangofunsa ngati malayini onse akunja ali moyo, makamaka ya ku kampu ya asilikali ndi ya ku bwalo la ndege. Ndikayesa n'kuwauza kuti onse ali bwino, ankathokoza n'kuika foni. Ife tinkaseka mobisa, koma ba Mulenga ankatidzudzula, amvekere munthu amene anagwirapo mfuti amadziwa zimene sitikuzidziwa.

Chifukwa chake ndinachimva kwa eni ake. Masana ena foni ya pa tebulo lawo inafa, ndipo podikira amakaniko ndinakwera kukaisintha ndi ina. Anandiuza kuti ndikhale pampando, n'kundifunsa ngati ndimawaona ngati wamisala ndi mafunso awo aja. Ndinakana mwaulemu. Anaseka pang'ono, kenako anayamba kusimba. Ali kaputeni wachinyamata, dziko lathu litangolandira ufulu, anatumizidwa kukaphunzira za usilikali ku dziko lina la kuno ku Africa. Kumeneko nduna ina inawakonda ngati mwana wake, Lamlungu lililonse ankakadya kunyumba kwake, ana a m'nyumbamo ankawaitana malume. M'mawa wina anadzuka wailesi ikungoimba za bandi, anayesa foni koma inali zii. Atatuluka kumsewu anaona lole ya asilikali ikudutsa, kumbuyo kwake atakhazika nduna ija pansi, itavala zogonera, phazi limodzi lopanda nsapato. Amene anaiponda paphewa ndi jombo anali mlonda wake yemwe, amene ankatsegula geti Lamlungu lililonse n'kuchita sawatcha.

"Ndinadya naye mbale imodzi mlonda ameneyo," anatero. "Sindinaone kanthu pankhope pake. Ndiye dziwani, Mayi Mbewe, akabwera amayamba ndi wailesi ndi matelefoni. Inu mudzadziwa ine ndisanadziwe."

Ananenanso kuti mantha amenewa sanali awo okha. Akuluakulu onse a m'boma ankawerenga mayiko otizungulira ndi akutali amene asilikali analanda, ndipo kwathu kuno anali atagwirapo kale anthu ena powaganizira chiwembu chotere. N'chifukwa chake akuluakulu a asilikali ankasinthidwasinthidwa, wina akangoyamba kukondedwa ndi anyamata ake ankapatsidwa ukazembe kutali. Ndinatsika masitepe tsiku limenelo ndikuwamvera chisoni. Koma ndinaonanso kuti ponena za mlonda uja maso awo anali pa chitseko, ndipo kuseri kwa chitsekocho kunali tebulo la a Meja Sakala.

Chaka cha zipolowe za ufa

Chaka chimene ufa unakwera mtengo anthu n'kuswa masitolo, tauni inali ngati mphika wovundikira. Loweruka lina m'mawa ndikukolezera mbaula, atate anu anandiitana kuti ndidzamve wailesi. Munali mawu a msilikali wachinyamata akunena kuti asilikali atenga boma. Kunja anthu anali atayamba kale kuimba nthungululu, ena akuthamangira kumsewu ndi nthambi za mitengo. Ndisanaganize chochita, kagalimoto ka a Meja kanaima pakhomo, iwo atavala zovala wamba, nati ndikwere msanga, ndikufunika pa swichibodi. Kumpando wakumbuyo kunali munthu wovala ovolosi ya wolima maluwa ndi chipewa chaubweya chofika m'maso. Ndinamupatsa moni ngati wantchito mnzanga, ndipo atayankha ndi pamene ndinazindikira mawu a Anduna.

Sanakwere kuofesi kwawo. Analowa m'kachipinda kathu kopanda zenera n'kukhala pa kabokosi ka mawaya, a Meja ataima pakhomo dzanja lili m'jekete. Ndinkayesa layini iliyonse Anduna akundiyang'ana pakamwa. Ya ku bwalo la ndege inali moyo, ya kupolisi inali moyo, ya ku kampu inkangolira osayankhidwa. Milomo yawo inali itauma mpaka kuyera, ndipo ndinawapatsa tiyi wa m'fulasiki ya ba Mulenga. Dzuwa lisanafike pamutu wailesi inalengeza kuti zonse zalephereka, anali anyamata ochepa chabe ndipo agwidwa. Anduna anavula chipewa chija, anagwira a Meja dzanja nthawi yaitali, kenako anatuluka.

Ndinkaganiza kuti kuyambira pamenepo a Meja adzakhala kwa Anduna ngati m'bale wobadwa naye. Sizinatero. Sabata yotsatira m'nyumba yonse ya unduna munadzaza anthu achilendo ovala masuti otuwa, okhala m'makonde ndi nyuzipepala zimene sankaziwerenga. Mesenjala wina amene anamuona akuvina kumsewu Loweruka lija sanabwerenso. Pa tiyi anthu anasiya kucheza, aliyense ankamwa atayang'ana kukhoma. Mmodzi wa a masuti aja, ba Kangwa, analowa m'chipinda chathu ba Mulenga atapita ku nkhomaliro, n'kutseka chitseko. Anali munthu wolankhula mofatsa, womwetulira nthawi zonse. Anayamba ndi kufunsa za ana anga, akukutchulani mayina ndi sukulu zanu, ngakhale ine ndinali ndisanamuuzepo. Kenako anati Anduna akhala akudzifunsa funso limodzi: zinatheka bwanji kuti a Meja afike pa geti ku Kabulonga, atakonza kale ovolosi ndi chipewa, msilikali uja asanamalize n'komwe kulankhula pa wailesi? Anawauza ndani? Anandilamula kuti foni iliyonse ya a Meja ndizimvetsera, ndipo adzabwera Lachisanu kudzamva. Nditatchula lumbiro langa, anati amene anandilumbiritsa ndi boma, ndipo amene akundituma ndi boma lomwelo.

Ndinauza ba Mulenga atabwera. Anapukuta magalasi, kenako anati iwo sanamve kanthu ndipo ine sindinawauze kanthu. Sindinawadandaule. Anali ndi ana asanu ndi mmodzi, mwamuna anamwalira.

Sabata imene ija

Ndinakankha kabatani kaja. Masiku awiri oyamba munali za ntchito zokhazokha, ndipo ndinayamba kupuma bwino. Lachitatu masana a Meja anapempha nambala ya ku Chelstone. Anayankha mayi wachikulire, kenako foni anaipereka kwa mwamuna, ndipo mawuwo ndinawadziwa nthawi yomweyo. Anali Lazaro, mlongo wake wa amake Dalitso, msilikali wa udindo wa kopolo ku kampu imene kunachokera anyamata a pa wailesi aja. Ndinkamudziwa kuyambira ali pasukulu, ankabwera kudzatithyolera mapapaya. Onse a gulu lake anali atatengedwa kukafunsidwa, iye yekha ndiye ankasowa, ndipo dzina lake linali pakamwa pa a masuti onse. Lazaro ankalira. Ankati watopa kukhala m'chipinda chosungira makala, akufuna athawire kumudzi. A Meja anamuuza kuti asatuluke ngakhale kupita kuchimbudzi masana, m'misewu yonse muli zotchinga, adikire mpaka zinthu zizizire. Kenako Lazaro anati, "Alamu, ine ndinakuuzani kuti muwapulumutse, tsopano ine andipulumutsa ndani?" A Meja anamukalipira kuti atseke pakamwa, n'kudula foni.

Ndinakhala manja ali pamiyendo magetsi akuyaka osayankhidwa. Mawu amenewo ankatha kutanthauza kuti Lazaro anamva za chiwembu n'kuchenjeza alamu ake kuti apulumutse Anduna. Ankathanso kutanthauza kuti anali m'chiwembumo, mtima n'kumugunda pa mphindi yomaliza. Nanga a Meja anadziwa liti, m'mawa womwewo kapena masiku angapo m'mbuyo, n'kukhala chete kudikira kuti aone mbali imene ipambane? Ndinayamba kukumbukira dzanja lawo lili m'jekete pakhomo la kachipinda kathu, n'kumadzifunsa kuti mfutiyo inkalondera ndani. Munthu amene ankatigawira mgonero kutchalitchi ndinayamba kumuona ndi maso a Anduna.

Atate anu ndinawauza tili m'munda wa kuseri kwa nyumba, tikunamizira kuthirira repu, poopa makoma. Iwo anati ndinene kuti sindinamve kanthu. Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti ba Kangwa alibe munthu wina ku likulu la matelefoni amene akumvetsera layini yomweyo pofuna kundiyesa ine. Akapeza kuti ndabisa, ndiye kuti ndalowa m'chiwembu, ndipo masiku amenewo munthu ankatsekeredwa popanda kuonekera kukhoti. Tiyanjane anali akuyamwa. Atate anu anati ndiye ndinene zonse. Ndinawafunsa ngati angathe kudzayang'ana amake Dalitso kumaso a masuti atakatenga amuna awo ndi mlongo wawo tsiku limodzi. Anataya kathini kothirira pansi n'kulowa m'nyumba.

Lachinayi madzulo kunali mapemphero a m'dera kunyumba kwa mayi wina wa mumpingo, ndipo a Meja ndiwo ankatsogolera. Titatuluka ndinawapempha kuti andiperekeze pang'ono, ndili ndi nkhani ya chigwirizano. Titafika pa mpanda wa sukulu pamene panalibe anthu, ndinawauza kuti layini yawo ili ndi makutu, makutuwo ndi anga, ndipo za ku Chelstone ndazimva. Anaima ngati awombedwa. Anandifunsa kuti ndakhala ndikuwamvetsera kuyambira liti, zaka zingati, ndipo amandilipira zingati. Ndinawayankha kuti kuyambira Lolemba, ndipo palibe amene wandipatsa kanthu.

"Mawa masana ba Kangwa adzandifunsa," ndinatero. "Kunama sindinama, a Sakala, ndili ndi mwana wakhanda. Koma m'mawa ndi wanu. Mutengeni Lazaro mupite naye nokha kwa Anduna, akamve kwa inu asanamve kwa ine. Munawapulumutsa, sangaiwale."

"Mukuwadziwa inu kuposa ine?" anafunsa. "Munthu amene uja akamva kuti ndinadziwa kanthu iye asanadziwe, basi kwatha. Amake Chikondi, mwatipha."

Ndinawafunsa ngati Lazaro analimo. Anati funso limenelo ndi la ba Kangwa, ndipo ayankha kwa ba Kangwa. Anatembenuka n'kumapita osatsanzika.

M'mawa mwake ndili pabolodi ndinamva mapazi pa masitepe. Ndinasuzumira ndipo ndinaona a Meja atavala yunifomu yonse ndi mamendulo, pambuyo pawo Lazaro atameta bwino, atavala jekete la alamu ake lomukulira. Anakhala muofesi ya Anduna m'mwambamo nthawi yaitali. Kenako kagetsi ka Anduna kanayaka, ndipo anandipempha nambala ya ofesi ya ba Kangwa. Ndinalumikiza ndi dzanja langa. Kabatani kaja sindinakagwire, panalibenso chofuna kumva. Lazaro anatsika masitepe pakati pa anthu awiri a masuti, ndipo podutsa pakhomo pathu anandipatsa moni mwaulemu, poti sankadziwa kanthu.

Zotsatira zake

Ba Kangwa anabwerabe masana. Ndinawauza zimene ndinamva Lachitatu, liwu ndi liwu. Anamwetulira monga mwa masiku onse, nati n'zodabwitsa kuti munthu amene wabisa mlamu wake sabata yathunthu asankhe kumupereka m'mawa wa tsiku lomwe iwo amabwera kwa ine. Ndinawauza kuti ndinawachenjeza ndine. Ndinaona kuti kubisa kungondiwonjezera mlandu, popeza ankaoneka kuti akudziwa kale. Anatuluka, ndipo Lolemba ndinaitanidwa kuofesi ya Anduna.

Anduna sanandikalipire. Anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza kuti ndinkafuna a Meja apeze mpata wodzinenera okha, popeza ndinawaona ndi maso anga akuika moyo wawo pachiswe Loweruka lija. Anagwedeza mutu. Anati mwina ndi zoona, mwina Sakala ndi munthu wokhulupirika kuposa onse m'nyumba imeneyi, ndipo ngati ndi choncho Mulungu adzawaweruza iwo. Koma sangathenso kukhala m'galimoto imodzi ndi munthu amene anamva za mfuti usiku n'kudikira kuti kuche. Ndinati mwina anamva m'mawa momwemo. Anati mwina, koma iwo sangagone pa mwina. Pomaliza ananena kuti inenso sangandisiye pa matelefoni awo, chifukwa ndasonyeza kuti ndikamva chinthu ndimayamba ndaganiza ndekha chochita nacho.

A Meja sanamangidwe. Anawatumiza ku kampu ina yakutali kumalire, ndipo patangopita nthawi pang'ono anawapumitsa ntchito. Anabwerera ku Kabwata munthu wofooka, anasiya ukulu wa mpingo, ndipo anamwalira asanakalambe. Lazaro anakhala m'ndende osazengedwa mlandu mpaka boma litasintha. Ine ananditumiza ku swichibodi ya nyumba yosungiramo katundu wa boma ku mafakitale, kumene foni inkalira kawiri pa tsiku, ndipo ndinakhala kumeneko osakwezedwanso mpaka makina atsopano atatilanda ntchito tonse. Kwa zaka zingapo galimoto yosadziwika inkaima pafupi ndi nyumba yathu, ndipo makalata ochokera ku Katete ankafika atamatidwa kawiri. A boma ankandiona ngati wa a Sakala, a ku mpingo ankandiona ngati wa boma. Amake Dalitso ndinapita kwawo katatu kuti ndifotokoze, kachitatu anandiuza ali kuseri kwa chitseko kuti zimene ndikufuna kunena ndikanene pa foni, poti ndi kumene ndimadziwa ntchito. Pa maliro a amuna awo ndinakhala kunja kwa mpanda. Ndi chifukwa chake tinasamukira ku Kaunda Square, ngakhale inu tinakuuzani kuti tikufuna bwalo lalikulu.

Anduna anagwa pa chisankho pamodzi ndi anzawo. Palibe msilikali anawagwirapo mpaka imfa yawo. Wophika wawo wakale, amene ndinkakumana naye kuchipatala, anandiuza kuti kunyumba yawo yomaliza ku Woodlands anakweza mpanda kawiri, ndipo mlonda ankamulemba mwezi umodzi n'kumuchotsa.

Chaka chathachi

Popita ku Katete kukaona manda a agogo anu, Masauso ananditula pa siteshoni ya mabasi ya Intercity m'mawa n'kuthamangira kuntchito. Anyamata oitanira mabasi anandizinga, aliyense akukoka chikwama changa, mpaka bambo wina wa imvi wovala jekete la kampani ya basi anawabalalitsa ndi liwu limodzi. Ananyamula chikwamacho n'kunditsogolera, akutsimphina mwendo wamanzere. Nkhope sindinaizindikire, koma atangofunsa kuti "Mupita kuti, amai?" khutu langa la pa swichibodi linamudziwa. Ndinamutchula dzina, Lazaro. Anaima, anandiyang'anitsitsa, kenako anati, "Amake Chikondi." Anandipezera mpando wa kutsogolo, anaika chikwama pamwamba, ndipo popeza basi inali isanadzaze anakhala pa mpando wa pambali panga.

Tinacheza za anthu a ku Kabwata, amene anamwalira ndi amene atsala. Anandiuza kuti ali ndi ana anayi ku Chelstone, woyamba ndi namwino. Za mwendo anangoti unathyoka kumene anali kuja. Ndinamufunsa ngati akudziwa mbali imene ine ndinatengapo pa nkhani yake. Anati alamu ake anamuuza zonse asanamwalire, ndipo iye anaganizapo zaka zambiri. Anati akanagwidwa m'chipinda cha makala chija kapena pa chotchinga cha pamsewu, mwina sakanafika n'kundende komwe, chifukwa ena amene anagwidwa akuthawa sanaonekenso. Sananene kuti wandikhululukira, sananenenso kuti ndinalakwa. Anandigulira botolo la madzi kwa mayi wina pazenera, ndipo anakana kuti ndimubwezere.

Dalaivala ataliza injini, ndinaona kuti mpata wina sudzapezekanso. Ndinamugwira mkono n'kumuuza kuti tonse takalamba, Anduna anapita, a Meja anapita, boma lija linapita kalekale, ndiye andiuze chinthu chimodzi chokha kuti mtima wanga ukhale pansi: kodi iye analimo m'chiwembu chija, kapena anangomva? Lazaro anayang'ana kumbuyo kwa basi, anayang'ana mnyamata amene anakhala kuseri kwathu ndi foni m'manja, kenako anabweza maso kwa ine. Anamwetulira pang'ono, nachotsa dzanja langa pamkono pake mwaulemu.

"Amai," anatero motsitsa mawu, "mufunsila ndani?"

Anatsika, anamenya basi kawiri m'mbali kuuza dalaivala kuti anyamuke, ndipo tinatuluka pa geti.